Mwana Wachinyamata Akayamba Kuzizira pa Zauzimu: Kufufuza Gwero la Vutoli ndi Kulikonza

M'mabanja ambiri achikhristu vutoli limayamba mwakachetechete. Mwana yemwe ali wamng'ono ankalawirira ku Sande sukulu, kuloweza mavesi ndi kuimba mokweza kuposa anzake, akafika zaka 13, 14 kapena 15 amayamba kudzuka mochedwa tsiku lopemphera, amangokhala duu pa mapemphero a pabanja, Baibulo lake limachita fumbi, ndipo tsiku lina amanena mosabisa kuti sakufuna kupita ku tchalitchi. Makolo amamukalipira, mwinanso kumulanda foni, ndipo mwanayo amapitadi masabata awiri kapena atatu nkhope ili yakugwa, kenaka zonse zimayambiranso. Kubwerezabwereza kumeneku n'chizindikiro chakuti chomwe chikutsukidwa ndi chilonda chapamwamba, pomwe nthenda yeniyeni ili mkati ndipo palibe amene wayifika.

Chomwe ndikufuna kuti makolo anzanga amvetse n'chakuti mawu akuti "sindikufuna kupita ku tchalitchi" amatuluka m'mitima yosiyanasiyana. Mwana wina amawanena chifukwa chotopa, wina chifukwa ali ndi mafunso amene akuopa kufunsa, wina chifukwa wakhumudwa ndi zomwe amaona panyumba, wina chifukwa anavulazidwa ku mpingo komweko, ndipo wina chifukwa pali kanthu kamene kakumudya mumtima. Mankhwala ochiza mmodzi mwa anawa akhoza kumupweteka mnzake, choncho kholo limene limayankha mavuto onsewa ndi ukali umodzimodzi lidzadabwa kuona kuti chaka ndi chaka mwana akunka natalikira.

Chikhulupiriro chobwereka

Tisanafike pa zoyambitsa zapadera, pali chinthu chimodzi chomwe chimachitikira mwana aliyense wokulira m'banja lopemphera. Ali wamng'ono amakhulupirira chifukwa bambo ndi mayi ake amakhulupirira, ndipo zimenezi n'zabwino, pakuti mmera mpoyamba. Koma akatha msinkhu amayamba kuyesa chilichonse chomwe anapatsidwa kuti aone ngati n'cholimba, ndipo chikhulupiriro chimayesedwa pamodzi ndi zina zonse. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka atapitirira zaka 20, makamaka mbali yakutsogolo imene imathandiza kudziletsa ndi kuganizira zotsatira, motero wachinyamata amatha kufunsa funso lakuya ngati munthu wamkulu m'mawa, madzulo ake n'kuchita zachibwana.

Nkhani ya mfumu Yowasi pa 2 Mbiri 24 ikuonetsa kuopsa kwa chikhulupiriro chomwe sichinayesedwepo. Yowasi anabisidwa m'nyumba ya Mulungu zaka 6, analowa ufumu ali ndi zaka 7, ndipo lemba likuti anachita zolungama masiku onse a wansembe Yehoyada amene anamulera. Anakonzetsa ngakhale kachisi. Koma Yehoyada atamwalira, akalonga a Yuda anabwera kudzamunyengerera, iye anawamvera, nasiya nyumba ya Yehova, mpaka analamula kuti Zekariya, mwana wa Yehoyada yemweyo, aponyedwe miyala. Kumvera kwake kwa zaka zonsezo kunali kotsamira pa munthu wina, ndipo mzati utachoka nyumba inagwa. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti mwana wazaka 15 amene akulimbana ndi chikhulupiriro makolo ake akadali pafupi ali pabwino kuposa amene amangovomera zonse kuti asakalipiridwe, n'kudzazitaya tsiku lomwe adzachoke panyumba. Ntchito ya kholo pa msinkhu uwu ndi kuthandiza mwana kuti chomwe anabwereka chisanduke chakechake.

Fufuzani musanayambe kukonza

Miyambo 18:13 ikuti kuyankha nkhani usanaimvetse n'kupusa ndi manyazi, ndipo Miyambo 20:5 ikufanizira zolinga za mumtima mwa munthu ndi madzi akuya omwe munthu wozindikira yekha ndiye angatunge. Choyamba, dzipatseni masabata awiri kapena atatu ongopenyetsetsa. Kumbukirani nthawi imene kusinthaku kunayamba, ndipo dzifunseni chomwe chinachitika m'masiku amenewo: kaya anasintha sukulu, kaya anapeza anzake atsopano, kaya panali maliro kapena mkangano waukulu panyumba, kaya analandira foni yakeyake. Onaninso ngati akuzemba zauzimu zokha kapena wasiya zonse zomwe ankazikonda, komanso ngati amakana tchalitchi chonse kapena amangopewa munthu wina kapena msonkhano wina.

Kenaka khalani naye pansi, koma musasankhe m'mawa wa tsiku lopemphera pamene aliyense ali pa liwiro ndipo mitima yatentha kale. Deuteronomo 6:7 ikutchula nthawi zoyenera kulankhula ndi ana za Mulungu, zomwe ndi pokhala m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka, kutanthauza nthawi wamba za tsiku ndi tsiku. Achinyamata ambiri amamasuka pamene mukuyenda limodzi kapena mukugwira ntchito ina pamodzi, chifukwa sakuyang'anidwa m'maso ngati ali pa mlandu. Mungathe kuyamba motere: "Mwana wanga, ndaona kuti masiku ano zopemphera zikukulemera. Sindikufuna kukukalipira, ndikungofuna kumva chomwe chili mumtima mwako." Akayankha kuti, "Palibe, Amayi," musaumirire usiku womwewo, ingomuuzani kuti mudzafunsanso tsiku lina, ndipo mudzafunsedi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akayamba kulankhula, chovuta kwambiri ndi kusamudula mawu. Iye amayamba ndi kanthu kakang'ono pofuna kuona mmene nkhope yanu isinthire, ndipo mukalumpha ndi ulaliki pa chiganizo choyamba, zazikulu zija sadzazitulutsa.

Ngati ndi kutopa chabe

Yambani ndi chapafupi. Akatswiri a zatulo amati wachinyamata wazaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo pa msinkhu umenewu thupi limachedwa kumva tulo usiku kuposa mmene linkachitira ali mwana. Mukawonjezapo homuweki ndi foni yomwe amagona nayo, mudzapeza kuti mwana amene mukumuganizira kuti wabwerera m'mbuyo akungosowa tulo. Gwirizanani kuti mafoni onse, ndi anu omwe, azigona kunja kwa zipinda zogona, ndipo mapemphero a pabanja muwaike pa nthawi imene anthu ali maso. Mphindi 10 zowerenga ndime imodzi, kukambirana funso limodzi ndi kupemphererana zimapindula kuposa ola lathunthu limene bambo akulankhula okha ana akuwodzera. Ngati patatha mwezi zinthu zasintha, vuto linali lomwelo.

Ngati ali ndi mafunso ndi chikayiko

Apa ndi pamene makolo ambiri amachita mantha, ndipo mantha awo amatuluka ngati mkwiyo. Mwana akafunsa kuti, "Bambo, ngati Mulungu ndi wachikondi, n'chifukwa chiyani analola kuti mnzanga uja amwalire?" kapena kuti, "Tikudziwa bwanji kuti Baibulo ndi loona pomwe kusukulu tikuphunzira zina?", kholo limamva ngati Satana walowa m'nyumba, n'kuyankha kuti za Mulungu safunsa. Yankho limeneli limamuphunzitsa mwana chinthu choopsa, chakuti chikhulupiriro cha makolo ake n'chofooka moti funso limodzi lingachigwetse. Mafunsowo satha, amangosamukira pa intaneti, kumene adzayankhidwa ndi anthu amene samukonda.

Baibulo lenilenilo silithawa mafunso. Habakuku akuyamba buku lake pofunsa Yehova kuti adzafuula mpaka liti osamvedwa. Asafu pa Salimo 73 akuvomera kuti anatsala pang'ono kuterereka poona oipa zinthu zikuwayendera, ndipo Salimo 88 likutha mlembi wake akadali mumdima. Yohane M'batizi, yemwe anabatiza Yesu ndi manja ake, ali m'ndende anatuma ophunzira kukafunsa ngati Yesu ndiyedi wakudzayo, ndipo pa Mateyu 11 Yesu anamuyankha ndi umboni, kenaka namuyamikira pamaso pa khamu. Pa nkhani ya Tomasi pa Yohane 20 pali mfundo imene timailumpha kawirikawiri: atakana kukhulupirira, ophunzira anzake sanamupirikitse, ndipo patapita masiku 8 anali akadali nawo m'nyumba pamene Yesu anabweranso. Nyumba yanu iyenera kukhala malo otero, momwe wokayika amakhalamo mpaka Ambuye atamufika. Yuda 22 ikulamula mosazungulira kuti okayika tiziwachitira chifundo.

Zoyenera kuchita zili motere. Muthokozeni chifukwa chokuuzani, pakuti wasonyeza kuti amakukhulupirirani. Mufunseni chomwe chinabweretsa funsolo, chifukwa kumbuyo kwa funso lokhudza mavuto a m'dziko nthawi zambiri kumakhala bala lakelake, ndipo bala limafuna chitonthozo lisanafune mfundo. Ngati yankho simukulidziwa, nenani kuti simukulidziwa, ndipo mugwirizane tsiku loti mudzafufuze limodzi kapena kukafunsa abusa, ansembe kapena Mkhristu wina wodziwa bwino nkhaniyo. Pa za sayansi, muthandizeni kuona kuti sakukakamizidwa kusankha pakati pa kuganiza ndi kukhulupirira. Gregor Mendel, amene kafukufuku wake pa mbewu anayala maziko a maphunziro a chibadwa chimene ana amatengera kwa makolo, anali wansembe, ndipo Georges Lemaître, amene mu 1927 anafotokoza kuti chilengedwe chonse chikufutukuka, analinso wansembe. Akhristu oona mtima amasiyana pa kamasuliridwe ka ndime zina, ndipo wachinyamata ayenera kudziwa kusiyanitsa maziko a chikhulupiriro, omwe ndi Khristu wopachikidwa ndi wouka kwa akufa, ndi nkhani zimene abale angathe kusiyana maganizo koma n'kukhalabe abale.

Ngati chomwe chamukhumudwitsa ndi ife makolo

Gawo ili ndi lowawa, ndipo ndikulilemba podziwa kuti likundikhudza inenso. Wachinyamata ali ndi diso lakuthwa pa chiphamaso. Amaona bambo amene amatsogolera nyimbo ku tchalitchi koma panyumba amatukwana mayi. Amamva mayi amene amapemphera misozi ili m'maso koma pobwerera kunyumba amayamba kujeda anzawo a mumpingo mmodzimmodzi. Amatumidwa kukauza mlendo kuti bambo kulibe pomwe ali m'chipinda. Ali mwana zimenezi ankangoziona, koma tsopano akuziphatikiza, ndipo yankho lomwe akupeza n'lakuti chipembedzo ndi chovala cha tsiku limodzi.

Kafukufuku wamkulu wa National Study of Youth and Religion, yemwe anatsogoleredwa ndi katswiri wa zachikhalidwe cha anthu Christian Smith, anafunsa achinyamata oposa 3,000 azaka 13 mpaka 17 ku United States, ndipo zotsatira zake zoyamba zinatuluka mu 2005. Anapeza kuti chomwe chimaumba kwambiri moyo wauzimu wa achinyamata ndi makolo awo, kuposa anzawo kapena atsogoleri a mpingo, ndipo ambiri amatengera chikhulupiriro chofanana ndi chomwe makolo awo amakhala nacho tsiku ndi tsiku. Mfundoyi ndi yolimbikitsa komanso yochititsa mantha, chifukwa ikutanthauza kuti mwana amene akuoneka ngati sakukumverani akukuwerenganibe ngati buku.

Kukonza kwake kulibe njira yachidule. Mufunseni mwanayo kuti, "Kodi pali chimene ndimachita chomwe chimakupangitsa kukayikira zomwe ndimakuphunzitsa?" ndipo konzekerani kumva yankho popanda kudziteteza. Ngati wanena zoona, pepesani momveka bwino, mutchule cholakwacho ndi dzina lake, osawonjezapo mawu akuti "koma nawenso". Makolo ena amaopa kuti kupepesa kwa mwana kumachotsa ulemu, koma ine ndimaona kuti mwana amene sanamvepo kholo lake likunena kuti "ndinalakwa, undikhululukire" amavutika kumvetsa kulapa, pakuti sanakuonepo ndi maso. Paulo pa Aefeso 6:4 akuyamba ndi kuletsa atate kukwiyitsa ana awo asananene za kuwalera m'chilangizo cha Ambuye, ndipo pa Akolose 3:21 akupereka chifukwa chake, chomwe ndi chakuti angataye mtima. Zina mwa zomwe zimataitsa mtima ndi kumuyerekeza ndi ana a anzanu, kumunyoza pagulu, kugwiritsa ntchito pemphero la pabanja ngati njira yomudzudzulira, ndi kumupatsa chilango chowerenga Baibulo. Chomalizachi ndikupempha kuti musachichite konse, chifukwa palibe munthu amene amakonda chikwapu chomwe anakwapulidwa nacho.

Ngati vuto lili ku mpingo

Nthawi zina mwana alibe mlandu ndi Mulungu, koma ndi anthu ake. Mwina alibe mnzake ndi mmodzi yemwe ku tchalitchi, mwina anasekedwa atalakwitsa kuwerenga, mwina mtsogoleri wina anamudzudzula pagulu chifukwa cha kavalidwe kapena tsitsi, mwinanso amangokhala pabenchi chaka chonse popanda amene amamudziwa dzina. Wachinyamata amapita kumene akufunidwa. Kambiranani ndi atsogoleri kuti apatsidwe ntchito yeniyeni yogwirizana ndi luso lake, monga kuimba, kusamala zokuzira mawu, kuthandiza kuphunzitsa ana aang'ono kapena kuyendera odwala limodzi ndi akuluakulu. Funaninso Mkhristu wokhwima mmodzi kapena awiri amene mwanayo amawalemekeza, oti azimufunsa za moyo wake, pakuti pali zinthu zimene wachinyamata sangauze kholo lake koma angauze munthu wina wodalirika, ndipo mutu umodzi susenza denga. Timoteyo anaphunzira chikhulupiriro kwa agogo ake a Loisi ndi mayi ake a Yunike, koma anafunikabe Paulo woti amutche mwana wake ndi kumupatsa udindo. Nkhani yakeyo ndi chilimbikitso kwa kholo limene likulera lokha pa zauzimu, popeza Machitidwe 16:1 ikutchula mayi ake okha kuti anali okhulupirira, n'kungonena kuti bambo ake anali Mhelene.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sichiyenera kunyalanyazidwa ngakhale tsiku limodzi. Ngati mwana wayamba mwadzidzidzi kuopa munthu wina wake wamkulu, kukana kutsala naye yekha, kapena kunjenjemera dzina lake likatchulidwa, ganizirani kuti mwina anachitidwa nkhanza, kuphatikizapo kugwiriridwa. Mufunseni modekha muli awiri, mukhulupirireni, muuzeni kuti si mlandu wake, mutalikitseni kwa munthuyo nthawi yomweyo, ndipo pitani naye kuchipatala komanso kukanena kupolisi kapena kwa oteteza ana. Nkhani yotere si yokambirana mseri pofuna kuteteza dzina la mpingo, ngakhale wolakwayo atakhala mtsogoleri wolemekezeka. Yesu pa Mateyu 18:6 analankhula mawu oopsa kwambiri kwa aliyense wokhumudwitsa mmodzi wa aang'ono omukhulupirira, ndipo mwana amene makolo ake anasankha kuteteza mbiri m'malo moteteza iye amavutika kwa zaka zambiri kukhulupirira kuti Mulungu ndi Atate.

Ngati akubisa kanthu

Adamu atachimwa anabisala, ndipo ana ake amachitabe chimodzimodzi. Wachinyamata amene wayamba kuonera zolaula pa foni, kugonana ndi chibwenzi, kumwa mowa kapena kuba, kawirikawiri amayamba kuthawa pemphero chifukwa chikumbumtima chikumutsutsa, ndipo kunena kuti sakhulupiriranso kumakhala kosavuta kuposa kuulula. Zizindikiro zake ndi kupsa mtima msanga, kubisa foni mukangolowa, mabodza ang'onoang'ono ochuluka, ndi kupewa Mgonero wa Ambuye popanda chifukwa chomveka.

Mukazindikira, dzipatseni nthawi yoti mtima ukhale pansi musanalankhule, chifukwa mawu oyamba amene mudzanene adzawakumbukira moyo wake wonse. Pa Genesis 3:9 Mulungu anayamba ndi kufunsa Adamu kuti ali kuti, ngakhale ankadziwa zonse. Muuzeni mwanayo zomwe mwaona, mutsimikizireni kuti ndi mwana wanube, kenaka mutchule tchimolo kuti ndi tchimo popanda kulichepetsa. Chifundo chopanda malire a khalidwe si chikondi, pakuti Eli anaweruzidwa pa 1 Samueli 3:13 chifukwa chosawaletsa ana ake, ndipo za Adoniya, mwana wa mfumu Davide, lemba likuti bambo akewo sanamufunsepo chifukwa chimene ankachitira zomwe ankachita. Choncho ikani malire omveka, monga nthawi yofikira panyumba ndi kagwiritsidwe ntchito ka foni, ndipo mufotokoze chifukwa chake ndi nthawi imene mudzawaunikenso. Pamodzi ndi malirewo muonetseni njira yobwererera, pogwiritsa ntchito Salimo 32 ndi 1 Yohane 1:9, kuti adziwe kuti wolapa amakhululukidwa kotheratu. Ngati zafika pa mimba, kaya mwana wanu ndi mtsikana kapena ndi mnyamata amene wapereka mimbayo, musamupirikitse. Akufunika kupita kuchipatala, akufunika thandizo kuti apitirize maphunziro, ndipo akufunika kuona kuti uthenga wachisomo umene anaumva kuyambira ali mwana umagwira ntchito pa tsiku lamanyazi.

Ngati ndi matenda a maganizo

Bungwe la World Health Organization likuti mwa achinyamata 7 aliwonse azaka 10 mpaka 19, mmodzi amakhala ndi vuto la matenda a maganizo. Ngati mwana wanu wasiya pemphero pamodzi ndi masewera, anzake ndi sukulu, ngati kadyedwe ndi kagonedwe kasintha kwa masabata oposa awiri, ngati amanena kuti ndi wopanda pake kapena akudzivulaza, musamuuze kuti akusowa chikhulupiriro. Eliya, atangoona moto ukutsika kumwamba, anagona pansi pa mtengo napempha kufa, ndipo pa 1 Mafumu 19 Mulungu anayamba ndi kumupatsa chakudya ndi tulo asanalankhule naye za utumiki. Mupempherereni mwanayo ndipo mupite naye kwa dokotala kapena mlangizi wophunzira bwino, chifukwa ziwirizi sizitsutsana. Akatchula zodzipha, mufunseni mosazungulira ngati akuganizadi zotero, pakuti kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, musamusiye yekha, chotsani mankhwala ndi zina zomwe angadzipweteke nazo, ndipo funani thandizo tsiku lomwelo.

Kodi timukakamize kupita ku tchalitchi?

Funso ili makolo amalifunsa kwambiri, ndipo yankho langa ndi lakuti tisiyanitse zomwe kholo lingalamule ndi zomwe silingalamule. Kupita ku tchalitchi monga banja ndi dongosolo la panyumba, mofanana ndi kupita kusukulu, ndipo mwana wazaka 13 kapena 14 mungathe kumuuza modekha kuti m'nyumba muno timapita limodzi, ngakhale mtima wake uli ndi mafunso. Koma kukhulupirira, kubatizidwa, kulandira ulimbitso, kudya Mgonero, kuchitira umboni kapena kupemphera mokweza pagulu, zimenezi sizikakamizidwa. Kholo limene limaumiriza mwana kulowa kalasi ya ubatizo pofuna kupewa mafunso a anthu a mumpingo likumuphunzitsa kunama pamaso pa Mulungu.

M'kati mwa dongosololi mupatseni mpata wosankha. Angasankhe mapemphero a m'mawa kapena a masana, angasankhe kukhala ndi anzake m'malo mokhala nanu, angasankhe buku la m'Baibulo loti muwerenge pabanja kapena kumasulira kwa Baibulo komwe amakumva bwino. Akamayandikira zaka 17 ndi 18 chingwe chiyenera kumasulidwa pang'onopang'ono, chifukwa posachedwa adzakhala kumene simungamudzutse, ndipo ndi bwino kuti ayambe kusankha yekha mukadali pafupi kuti mukambirane zotsatira zake. Akapempha kupita ku mpingo wina wachikhristu kumene kuli anzake, musafulumire kukana. Pitani mukaone nokha zomwe amaphunzitsa, muonetsetse kuti Khristu ndiye akulalikidwa ndiponso kuti achinyamata sakudyeredwa masuku pamutu kapena kulekanitsidwa ndi mabanja awo, kenaka muweruze.

Ngati mwayesa zonse koma akunka natalikira

Makolo ambiri amadzizunza ndi Miyambo 22:6, imene ikuti mwana akaphunzitsidwa njira yoyenera sadzachokamo ngakhale atakalamba, poganiza kuti ngati mwana wachoka panjira ndiye kuti iwo sanamuphunzitse bwino. Miyambo imanena mmene zinthu zimayendera kawirikawiri, koma sichotsa ufulu wa munthu wosankha. Samueli anali mneneri wokhulupirika, koma ana ake Yoweli ndi Abiya ankalandira ziphuphu. Hezekiya anali mfumu yabwino, koma anabereka Manase amene anadzaza Yerusalemu ndi mafano, ngakhale pambuyo pake analapa ali mu ukapolo. Amoni anali woipa, koma mwana wake Yosiya anayamba kufuna Mulungu ali ndi zaka 16. Ngati pali zomwe munalakwitsa, lapani ndi kupepesa, koma musasenze katundu amene si wanu, pakuti pa 1 Akorinto 3:6 Paulo akuti wina amadzala, wina amathirira, koma wokulitsa ndi Mulungu.

Chomwe chatsala m'manja mwanu ndi ubale. Musalole kuti kucheza kulikonse kuzithera pa funso lakuti adzabwerera liti ku tchalitchi. Muzimufunsa za maphunziro ake, muziseka naye, muzipezeka pa zinthu zomwe iye amazikonda, ndipo muzimuuza mwachidule kuti mumamupempherera, popanda kusandutsa mawuwo kukhala chida chomubaya nacho. Pakatha miyezi itatu iliyonse bwererani ku mafunso ofufuza aja, chifukwa gwero limatha kusintha, ndipo mwana amene anayamba ndi kutopa akhoza tsopano kukhala ndi chikayiko, kapena amene munkamuyesa wamwano akhoza kupezeka kuti akudwala.

Monica, mayi wachikhristu wa ku Thagaste kumpoto kwa Africa, anadutsa m'njira imeneyi. Mwana wake Augustine, wobadwa mu 354, yemwe pambuyo pake anadzakhala bishopu ndi mphunzitsi wotchuka wa mpingo, anapita kukaphunzira ku Carthage ali ndi zaka pafupifupi 17, anabereka mwana kunja kwa ukwati, ndipo analowa chipembedzo cha Amanikeyo momwe anakhalamo zaka pafupifupi 9. Poyamba Monica anakana kukhala naye nyumba imodzi, koma anasintha maganizo namulandiranso. Anapempha bishopu wina kuti akatsutsane naye, koma bishopuyo anakana, nanena kuti mnyamatayo anali asanakonzeke kuphunzitsidwa ndipo kunali bwino kumusiya ndi kumupempherera. Monica anapitiriza kupemphera, ndipo Augustine atasamukira ku Italy anamutsatira mpaka ku Milan, kumene mwanayo anayamba kumvetsera maulaliki a bishopu Ambrose, poyamba chifukwa chongokonda kalankhulidwe kake. Augustine anabatizidwa ndi Ambrose pa Pasaka wa mu 387 ali ndi zaka 32, ndipo Monica anamwalira chaka chomwecho ku Ostia, ali pa ulendo wobwerera kwawo pamodzi ndi mwana wakeyo.